Tisamale Maso Athu

Lero tikambe za maso, pakuti ndi amene tikuwerengera mabukuwa.

Mkati mwa diso, kumbuyo kwenikweni, muli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina. Kuwala kukalowa m'diso kumagwera pamenepo, ndipo uthenga umapita ku ubongo. Kachikopaka kakawonongeka, magalasi sathandiza.

Nthawi zina kamang'ambika nkumatuka. Munthu amaona ngati ziphaliwali, kapena timadontho takuda tambiri touluka, kenaka mdima ngati chinsalu ukutseka mbali imodzi. Sizipweteka ayi, nchifukwa chake ambiri amazengereza. Mukaona zimenezi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kale wodwala chotere ankangochita khungu. M'zaka za m'ma 1920, dokotala wa ku Switzerland, Jules Gonin, anasonyeza kuti kutseka pong'ambikapo kumachiritsa. Masiku ano pa opaleshoni madokotala amachotsa madzi olimba a m'diso, amamata pong'ambika ndi kuwala kwa laser, nkuikamo mpweya kapena mafuta oti akankhire kachikopako m'malo mwake. Mukauzidwa kuweramitsa mutu masiku angapo, mverani. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Matenda a shuga nawonso amawononga timitsempha ta retina, ndipo timayamba kuchucha. Apa adokotala angathe kubaya jakisoni m'diso, monga wa Avastin. Musaope, amayamba adontheza mankhwala oletsa ululu. Kadontho ka magazi pa choyera cha diso si koopsa, kamatha kokha.

Choopsa ndi tizilombo tikalowa mkati. Sizichitikachitika, koma zingaphe diso m'masiku owerengeka. Ngati mutabayidwa diso likupweteka kwambiri, likufiirirafiira, kapena mukuona mwachimbuuzi kuposa kale, bwererani msanga. Osadikira tsiku limene anakulemberani. Osatikita diso, ndipo osathiramo madzi a masamba, mkaka wa m'mawere kapena mkodzo.

Inu amene muli ndi shuga, kapimitseni maso chaka chilichonse ngakhale mukuona bwino. Yambirani pa chipatala chapafupi. Iwo ndi amene angakutumizeni ku zipatala zazikulu, monga cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth mu Blantyre.

Mukafika kumudzi, kawerengereni anzanu mawu awa.