MAFUTA A PANSI PA NTHAKA: KODI ZAMBIA WAFIKA PATI?



Akulu-akulu a ku Chama akali kukumbukira magalimoto olemera amene analowa m'cigwa ca Luangwa m'zaka za m'ma 1980, atanyamula zitsulo zazitali zoboolera nthaka. Eni ace anali kampani ya ku America yochedwa Placid Oil. Mbiri inawanda m'midzi kuti cuma cafika, ndi kuti posacedwa Zambia adzaleka kugula mafuta kunja. Kampaniyo inakumba zitsime ziwiri m'cigwamo, cimodzi m'dera la Chama, koma m'zonse ziwiri simunapezeke mafuta akuti nkugulitsa. Inapasula misasa yace, nicoka.

Nkhaniyi inabukanso m'caka ca 2006, pamene Mtsogoleri wa Dziko, malemu a Levy Mwanawasa, analengeza kuti zizindikiro za mafuta zaoneka m'maboma a Chavuma ndi Zambezi, m'cigawo ca Kumpoto cakumadzulo. Anthu ambiri anamva ngati mafuta apezeka kale. Cimene cinacitika ndi cakuti akatswiri anatapa dothi, nalitumiza ku Germany, ndipo m'dothimo munapezeka tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya mpweya wocokera ku mafuta. Cimeneci ndi cizindikiro cabwino ndithu, cofanana ndi mapazi a nyama amene mlenje aona m'mphepete mwa dambo. Koma akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Munthu amene afuna kuika ndalama zace m'nchito imeneyi, kapena mfumu imene ipemphedwa malo, ayenera kudziwa mtunda umene uli pakati pa cizindikiro ndi mgolo wa mafuta wogulitsidwa. Poyamba akatswiri apima miyala ya pansi, nthawi zina ali m'ndege, nthawi zina pogwedeza nthaka ndi kumvetsera kubwerera kwa mau ace. Zimenezi zingosonyeza malo amene mafuta angabisale. Cotsimikiza ndi citsime cokha, ndipo zitsime zambiri zoyamba m'dziko limene silinatulutsepo mafuta zimakhala zouma. Citsime cikapeza mafuta, pafunika kukumba zina pafupi naco kuti adziwe kukula kwa nkhokweyo. Ndipo ngakhale atadziwa, si mafuta onse amene angakwere pamwamba. Ambiri amakanirira m'miyala.

Dziko la Uganda ndilo lionetsa bwino kutalika kwa ulendowu. M'caka comweco ca 2006, zitsime za m'mphepete mwa nyanja ya Albert zinapezadi mafuta. Boma la kumeneko linati pansipo pali migolo 6.5 biliyoni, koma yotheka kutulutsa ndi pafupi-fupi 1.4 biliyoni cabe. (Mgolo umodzi ndi malita 159.) Kucokera apo panapita zaka 16 za mikangano ya misonkho, zokambirana za njira ya paipi ndi kusinthana kwa eni masheya. Kampani ya Tullow Oil, imene inatsogolera nchito yofufuza, sinadikire zokolola: m'caka ca 2020 inagulitsa gawo lace kwa Total ya ku France pa mtengo wa madola 575 miliyoni. Ndi mu February 2022 mokha pamene TotalEnergies ndi CNOOC ya ku China anasaina kuti adzaikamo ndalama zoposa madola 10 biliyoni. Kukumba zitsime zotulutsira mafuta kunayamba mu January 2023 pa malo ochedwa Kingfisher, amene ayembekezedwa kupereka migolo 40,000 pa tsiku, pamene malo a Tilenga adzapereka 190,000.

Bvuto lina ndi lakuti Uganda, monga Zambia, alibe doko la pa nyanja yamcere. Mafuta ace ali ndi phula lambiri, ndipo akazizira amagwirana. Cotero paipi ya makilomita 1,443 yocokera ku Hoima kufika ku Tanga m'dziko la Tanzania iyenera kutenthetsedwa njira yonse. Mabanja ambiri anacotsedwa pa minda yao kuti nchitozi zipite, ndipo ena anadandaula kuti malipiro ao anacedwa zaka. Pofika kumapeto kwa 2024, zaka 18 citapezekere mafutawo, Uganda anali asanagulitse kunja mgolo ngakhale umodzi.

Kampani yomweyo ya Tullow inafikanso kuno. Poona kuti nyanja za Mweru ndi Tanganyika zili mu mng'alu umodzi waukulu wa nthaka ndi nyanja ya Albert, inatenga cilolezo ca dera la nambala 31, m'zigawo za Luapula ndi Kumpoto. M'caka ca 2017 ndege yace inayamba kupima miyala ya kumeneko. Pambuyo pace kampaniyo inacoka, citsime cisanakumbidwe.

Tsono pamene wamalonda abwera ndi mapepala onena kuti nchito ya mafuta ipita patsogolo, nafuna ndalama kapena malo, womvera wanzeru amufunse kuti aonetse cilolezo ca Boma, pakuti lamulo la 2008 la kufufuza ndi kukumba mafuta sililola munthu kugwira nchitoyi popanda cilolezo. Amufunsenso ngati citsime cakumbidwa, ndi migolo ingati imene cinatulutsa pa tsiku pociyesa. Wamalonda amene ayankha ndi zithunzi za ndege ndi mapu okongola akali pa ciyambi peni-peni pa ulendo.

Kufikira lero Zambia alibe citsime cotulutsa mafuta. Onse amene ayendetsa magalimoto ndi zigayo agulidwa kunja. Paipi ya TAZAMA, imene inatsegulidwa m'caka ca 1968 ndipo italika makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inali kubweretsa mafuta osayenga ku fakitale ya Indeni kuyambira 1973. Indeni inaleka kuyenga mafuta m'caka ca 2021, ndipo kuyambira 2023 paipiyo inyamula dizilo woyenga kale.