Garantiya ikatha, njinga yamoto tizikonza tokha kapena tizibwerera nayo kwa ogulitsa?

Mawu amene anayankhula mmodzi wa mamembala pa msonkhano wa makalabu omvera wailesi a ku Tsangano ndi ku Macanga

 

Funso limene mwandipatsali lakhala likubwera kawirikawiri ku wailesi. Munthu wagulitsa fodya kapena mbatata ya kachewere, wagula mota, chaka chatha ndipo pepala la garantiya latha mphamvu. Tsopano azikonza yekha, kapena azipitabe kwa amene anamugulitsa? Ine ndayenda pa njinga yamoto zaka zambiri m'misewu yathu yomweyi, ndiye ndiyankha mosapita m'mbali. Ntchito zonse zimene zimabwera pafupipafupi ndi zanu eni ake. Ndalama zanu sungirani tsiku limene injini idzafune kutsegulidwa.

Ndiyambe ndi garantiyayo. Lamulo loteteza ogula la dziko lathu, Lei 22/2009, limanena kuti wogulitsa katundu ngati ameneyu ayenera kumuimira kwa nthawi yosachepera chaka chimodzi, pokhapokha ngati wamuwononga ndi mwini wake. Choncho chaka choyambacho musamasule injini, ndipo risiti muisunge ngati mmene mumasungira chiphaso. Koma tinene zoona, ambirife garantiya yathu inathera pakhomo la loja. Njinga inabwera m'bokosi, anyamata anaimanga kuseri, tinapereka ndalama, basi tinakwera. Ndiye nkhaniyi ikukhudza ngakhale amene anagula dzulo.

Sindikunyoza ogulitsa ayi. Amene ali ndi ofisina yeniyeni ali ndi zida zoyenera, ndipo zitsulo zawo nthawi zambiri zimakhala za njinga yomweyo. Vuto ndi kumene ali. Kuti munthu wa ku Furancungo kapena wa kuno ku Tsangano akafike ku Tete kapena ku Ulónguè, awerengere gazolina wopita ndi wobwera, chakudya, mwina pogona, ndi tsiku lathunthu limene kudimba kulibe munthu. Mtengo wa ulendowo umaposa wa oyilo amene mukukasinthayo. Ndiye chimachitika n'chiyani? Munthu amati ndipita mawa, ndipita ndikagulitsa mbatata, ndipita mvula ikatha. Oyilo woyenera kuchoka mu Ogasiti amafika naye mu Disembala. Njinga zambiri zimene zili pa khonde m'midzi mwathumu zinafa choncho, mwini wake akudikira tsiku lopita kwa akatswiri.

Vutoli si la ife tokha. A Honda atatumiza anthu awo kukaona mmene njinga zimagwirira ntchito m'mayiko a ku Asia mu 1974, anapeza kuti anthu amanyamula katundu wopitirira muyeso ndipo oyilo samusintha mpaka njinga itaima. N'chifukwa chake mu 1975 anatulutsa CG125, injini yosavuta kusamalira. Njinga zambiri za ku China zimene tikukwera lero anatengera injini imeneyo, ndipo zina zing'onozing'ono zija za injini yogona anatengera Super Cub ya 1958. Kaya yanu ndi Lifo, kaya Lifan, kaya Boxer ya ku India, zonsezi anazipangira munthu wokhala kutali ndi tauni, wokhala ndi masipanala ochepa.

Tsono za oyilo. Yendani kaye pang'ono kuti injini ifunde, imikani njinga pamalo osapendekeka, masulani bawuti ya pansi, oyilo atuluke yense m'chitini. Injini zathuzi zimalowa lita imodzi kapena kucheperapo pang'ono, ndipo ambiri analemba muyeso wake pambali pa injini pomwepo. Pogula, onani kuti botolo lalembedwa 4T, ndipo chivindikiro chake sichinatsegulidwepo. Zilembo zoti JASO MA zikakhalapo ndiye bwino kwambiri, chifukwa pa njinga yamoto oyilo yemweyo ndi amene amanyowetsa kilatchi, ndipo oyilo wina wa galimoto amachititsa kuti kilatchi iziterereka mukamakwera phiri. Oyilo woyezera m'botolo la madzi pamsika, wosadziwika kumene wachokera, ine ndimamupewa. Kabuku ka njinga kakhoza kukupatsani makilomita ambiri, koma anthu amene analemba kabukuko sanayendepo kumbuyo kwa lole mu Okutobala pa msewu wa ku Furancungo. Ine ndimasintha pakati pa makilomita 1,000 ndi 1,500. Ngati mita yanu inafa kale, monga zilili njinga zambiri, sankhani tsiku limodzi pa mwezi, makamaka inu amene mumanyamula anthu tsiku ndi tsiku.

Chenjezo limodzi lokha apa. Pobwezeretsa bawuti ija, yambani ndi zala, sipanala ibwere kumapeto. Injini ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa. Mukamanga ngati mukumanga gudumu la ngolo, mazinga amadyeka, ndipo ntchito ya mphindi khumi yasanduka ya kwa mekaniko.

Chimene anthu amachiiwala kwambiri ndi fyuluta ya mpweya, ndipo apa ndiima pang'ono. Injini imapuma ngati munthu. Fumbi limene limatiyeretsa nsidze tikamayenda m'chilimwe ndi mchenga wosalala, ndipo likalowa mkati limasakanikirana ndi oyilo n'kumapala pisitoni ndi maringi pang'onopang'ono ngati mwala wonolera. Simumva chilichonse. Mumangoona tsiku lina njinga yayamba kufuka utsi wabuluu, oyilo akutha msanga, paphiri ikufuna giya yoyamba. Pamenepo n'kuti zitatha kale. Tsegulani kabokosi ka pambali kaja muone. Ngati fyuluta ndi ya siponji, ichapeni m'palafini, ifinyeni osaipotokola, iume, kenako idonthezereni oyilo pang'ono kuti ingonyowa. Oyiloyo ndi amene amagwira fumbi, siponji youma imalola lonse kudutsa. Ngati ndi ya pepala, musaichape ndipo musaithire oyilo. Igogodeni, ikada kwambiri gulani ina. Ndaonapo anyamata ena atachotseratu fyuluta ati njinga izilira bwino. Imaliradi, koma ikulira maliro ake omwe.

Tcheni ndiye sichifuna sukulu. Ikanikizeni ndi chala pakati, iyenera kusewera masentimita awiri kapena atatu, ngati zala ziwiri. Ena amaikoka gwa poopa kuti igwa, osadziwa kuti akakweza matumba awiri a mbatata kumbuyo tcheni imakokekanso, n'kuwononga mabering'i. Nthawi ya mvula muziitsuka matope ndi palafini n'kuithira oyilo. Mano a sipuroketi akasongoka ngati minga, sinthani zonse pamodzi, tcheni ndi masipuroketi awiri. Tcheni yatsopano pa mano akale sichedwa kutha.

Pulagi, imene ena timati vela, imakuuzani mmene injini ilili mkati. Ikatuluka yofiirira ngati njerwa yootcha, zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye, gazolina akuchuluka kuposa mpweya. Zimenezi sizachilendo kuno kumapiri, chifukwa mpweya wa kuno ndi wopepuka kusiyana ndi wa ku Tete kumtsinje, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ambiri timaiwala kubweza tchoko. Musathamangire kupotokola kabureta, yambani mwaona fyuluta ija. Ndipo popeza ambirife timagula gazolina wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, dziwani kasikuluwu ka pansi pa kabureta. Mukakamasula, madzi ndi zinyalala zimene zadikha pansi zimatuluka. Njinga zambiri zimene anthu amakankha mtunda wautali zimangofuna zimenezo.

Nanga ndalama tiperekere chiyani? Injini ikayamba kugogoda mkati, ikamafuka utsi wabuluu, giya ikamadumpha yokha, kapena magetsi akamapsereza mababu ndi batire, pamenepo imani. Ntchito zimenezo zimafuna zida zimene tilibe, ndipo injini yotsegulidwa pa mchenga pansi pa mtengo wa mango imatsekedwa ndi mchenga womwewo mkati. Mavalavu ali pakati. Mpata wake ndi wochepa kwambiri, pa injini zambiri ndi 0.05 kapena 0.08 ya milimita, kutengera mtundu wa njinga, ndipo amayeza injini itazizira ndi timasamba tachitsulo toyezera. Munthu akakuonetsani kawiri mutha kumachita nokha, koma osati mongomvera ndi khutu.

Mabuleki ndinena mosiyana pang'ono, chifukwa apa ndi pa moyo. Kukoka nati ya buleki ikalekerera, aliyense angathe. Koma mukaona kuti mwakoka mpaka kumapeto, kapena mukumva chitsulo chikukhula chitsulo, nsapato za mkati zatha. Musadikire kugulitsa fodya. Mitsetse yathu ino, ndi mayi ndi mwana kumbuyo, si malo oyeserapo. Ngati simunasinthepo chiyambire, lipirani amene amadziwa ndipo muime pomwepo muziona.

Kulipira sikutanthauza kupita ku Tete nthawi zonse. Garantiya ikatha palibe chimene chikukumangani kwa wogulitsa. Ku Furancungo, ku Ulónguè ndi m'misika ya m'malire muno muli amekaniko odziwa ntchito, ndipo mulinso ena amene anangogula sipanala dzana. Powasiyanitsa, ine ndimaona zinthu zing'onozing'ono: kodi mabawuti amawaika m'chitini kapena amangowataya pansi, kodi akumasula ndi sipanala yoyenera kapena ndi hamala ndi tchizulo, kodi chitsulo chakale chimene wachotsa akukubwezerani. Mtengo mugwirizane asanamasule. Kwa wogulitsa ndimapitako pofuna zitsulo za mkati mwa injini monga pisitoni, maringi ndi mbale za kilatchi, chifukwa zachinyengo zachuluka ndipo bokosi lake limaoneka chimodzimodzi. Mukamakagula, tengani chakalecho m'thumba mukafananize. Injini ziwiri zolembedwa 125 sizikhala zofanana nthawi zonse.

Amayi amene muli ndi njinga, ndipo mulipo muno, zonse ndanenazi sizifuna mphamvu za bambo. Amene amatha kumasula ndi kuthira oyilo makina osokera, fyuluta singamuvute.

Ndili ndi pempho ku makalabu. Si aliyense angagule zida zonse, koma kalabu itasonkha ikhoza kukhala ndi bokosi limodzi: masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, sipanala ya pulagi, pulayala, pampu, timasamba toyezera mavalavu, ndi kope lolembamo amene wabwereka. M'kope lomwelo munthu azilemba tsiku limene wasintha oyilo. Oyilo wakale tizisonkhanitsa m'chigubu chimodzi, asatayidwe kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime, chifukwa madzi omwewo ndi amene tikuthirira mbatata ndi kabichi kumadimba.

Amene mwabwera pa njinga, tikatseka msonkhano musathamange. Ndabweretsa palafini ndi masipanala, titsegula mabokosi a fyuluta panja apo mmodzimmodzi. A pulezidenti, yanu ndiye tiyambira.