M'chikuta Salowamo ndi Mkondo

Mfumu yaikulu, mwini nthaka imene takhalapoyi, ndawomba m'manja pamaso panu. Magulupu ndi anyakwawa, nduna za pabwalo, azibusa ndi mashehe, anankungwi ndi ntchembere zonse, alangizi a za nsomba, makomiti a m'madooko, eni makoka pamodzi ndi alovi anu, aphunzitsi ndi ana a sukulu amene mwakhala pamchenga apo, ndikupatsani moni nonse, ndipo ndikupempha kuti munditchere khutu kanthawi.

Pamene kalata yanu inandipeza, yondiitana kuti ndidzakhale mlendo pa msonkhano wokambirana za mawa la nyanja yathu, ndinayamba ndadzifunsa kuti kodi nkhalamba imene inathera zaka zake pa bolodi ndi choko, imene manja ake anaiwala kalekale kulemera kwa nkhafi, ikanene chiyani kwa anthu odziwa mwera ndi mpoto monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake. Koma popeza akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndinatsimikiza mtima kuti za usipa ndi utaka ndikusiyireni eni ake, ine ndibwere ndi mbiri ya anthu a kutali, amene mlandu wawo ufanana ndi umene ungadzagogode pakhomo pathu.

Kumpoto kwenikweni kwa dziko la America, m'chigawo cha Alaska, kumene dzuwa limakhala osalowa kwa masabata ambiri m'nyengo yofunda, nilikhalanso osatuluka kwa masabata ena m'nyengo yozizira, kuli malo osungirako nyama zakutchire otchedwa Arctic National Wildlife Refuge. Boma la kumeneko linawapatula mu 1960, ndipo mu 1980, chaka chomwecho chimene ife kuno tinakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lowakuza kufikira anakwana masikweya kilomita pafupifupi 78,000, ndiko kunena kuti nyanja yathu yonseyi ingalowemo kawiri n'kutsalabe malo. Koma m'lamulo lomwelo aphungu anasiya chitseko chosapiringidza, pakuti chigwa cha m'mphepete mwa nyanja yamchere, chachikulu ngati boma la Mangochi, anachiika padera nati mlandu wake adzaugamula m'tsogolo, chifukwa pansi pake ankaganizira kuti pali mafuta.

M'dziko limenelo muli nyama yotchedwa caribou, yocheperapo pa ngoma ya kuno kwathu, imene nyanga zake zimachita nthambi ngati mtengo woyoyoka masamba, ndipo yaimuna ndi yaikazi yomwe imamera nyanga. Gulu lake lalikulu, lotchedwa ndi dzina la mtsinje wa Porcupine, analiwerenga mu 2017 napeza nyama pafupifupi 218,000. Chaka ndi chaka, chisanu chikayamba kusungunuka, zazikazi za bere zimatsogola, kudutsa mapiri ndi kuwoloka mitsinje yozizira, kulunjika ku chigwa chija. Ndipo zikafika, kumayambiriro kwa mwezi wa Juni, ana zikwizikwi amabadwa m'masiku owerengeka okha. Zinasankha pamenepo chifukwa msipu wanthete wopatsa mkaka umaphuka msanga, mimbulu ndi zimbalangondo zimachuluka kumapiri kusiyana ndi kuchigwa, ndipo mphepo ya kunyanja imathamangitsa udzudzu umene ungathe kufoola kamwana. Mbalame nazonso zimaswera m'dziko lomwelo. Kena mwa izo, kotchedwa wheatear, kolemera magalamu 25 okha, kamachoka ku Alaska n'kuuluka makilomita pafupifupi 15,000 kudzathawira chisanu kum'mawa kwa Africa kuno.

Tsono m'njira ya nyama zimenezi mumakhala mtundu wa anthu otchedwa Gwich'in, m'midzi yokwana ngati 15, ina ku Alaska, ina tsidya la malire ku Canada. Chimene chambo ndi usipa zili kwa inu, caribou ili chomwecho kwa iwo: ndiyo ndiwo, ndiyo nsapato ndi chofunda, ndiyo nyimbo ndi gule, ndipo iwo eni amadzitcha anthu a caribou. Chigwa chimene nyamazo zimaswera amachitcha ndi dzina lotanthauza malo opatulika kumene moyo umayambira, ndipo akulu awo amanena kuti ngakhale m'zaka za njala, pamene ana ankalira usiku wonse, mlenje sankaponda kumeneko. Anankungwi muli pano mwamva kale chimene ndikunena, pakuti ife malo otere tili nalo dzina lake: ndi chikuta. Mayi akachira, nyumba imene wagonamo ndi khanda lake imasanduka yoopsa. Mwamuna, ngakhale akhale mwini nyumba, ngakhale akhale mfumu ya ndodo, amaima kunja kufikira mchombo utagwa ndi mwana atatulutsidwa. A Gwich'in anaona kuti nyama nayonso ili ndi chikuta chake, ndipo anadziletsa okha, popanda msilikali wowalondera, kwa mibadwo yosawerengeka.

Mu 1968 anthu anapeza mafuta ochuluka ku Prudhoe Bay, kumadzulo pang'ono kwa malo osungirako nyamawo, ndipo pofika 1977 paipi ya makilomita pafupifupi 1,300 inayamba kuwatsitsira kudooko la kumwera. Maso a makampani ndi a andale anatembenukira ku chigwa chija, chimene akatswiri a boma pambuyo pake, mu 1998, anayerekeza kuti pansi pake pangatuluke migolo ya mafuta yokwana 7.7 biliyoni. Poona mtambo umenewu, akulu a Gwich'in anaitana mtundu wonse mu Juni 1988 ku mudzi wa Arctic Village, msonkhano umene unali usanachitike kwa zaka zoposa 100. Anakambirana m'chilankhulo chawo, namanga mfundo imodzi yokana kukumba, nasankha anthu owalankhulira, amene bungwe lawo limatchedwa Gwich'in Steering Committee. Ndipo malangizo amene nkhalambazo zinapatsa nthumwi zawo ndiwo amene ndawasenza kuchokera kutali kuti ndidzawatule pano: pitani mukauze dziko lonse za ife, mukachite zimenezi mwaulemu ndi mwa njira yabwino, koma pa chikutacho musakagonje.

Taonani tsono mmene kudekha kunaonetsera maso a nkhono. Miyezi isanu ndi inayi chichitikire msonkhanowo, pa 24 Malichi 1989, sitima yonyamula mafuta ya Exxon Valdez inagunda mwala kumwera kwa Alaska n'kukhuthulira m'nyanja malita pafupifupi 40 miliyoni. Mbalame ndi akatumbu a m'nyanja anafa mosawerengeka, asodzi anapachika maukonde, ndipo lamulo lotsegula chigwa chija, limene linali pafupi kudutsa, linazilala. Mu 1995 aphungu analivomereza, koma Pulezidenti Bill Clinton anakana kusaina. Mu 2005 linagweranso pakhomo penipeni m'nyumba ya Senate. M'zaka zonsezo alenje ndi amayi a m'midzi yopanda msewu ankakwera ndege kupita ku Washington, kulankhula m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'maofesi a aphungu, osatukwana munthu, osaphwanya zenera. Ndipo mu 2002 atatu mwa iwo, Sarah James, Norma Kassi ndi Jonathon Solomon, analandira mphoto ya Goldman, ya oteteza chilengedwe, chifukwa cha ntchito imeneyi.

Koma ndikadakhala wonama ndikadakuuzani kuti anapambana n'kukagona. Mu 2017 aphungu analowetsa chilolezo chokumba m'kati mwa lamulo la misonkho, poyembekeza kuti boma lidzapezapo madola pafupifupi 1 biliyoni. A Gwich'in, poona kuti khomo la aphungu latsekeka, anakagogoda kwa osunga ndalama, kufikira mabanki akuluakulu a ku America, monga Goldman Sachs, JPMorgan Chase ndi Wells Fargo, analengeza kuti sadzakongoza ndalama zokumbira kumeneko. Tsiku logulitsa ziphaso litafika, pa 6 Januwale 2021, makampani otchuka a mafuta sanaoneke, ndipo zonse zimene zinaperekedwa zinangokwana madola 14.4 miliyoni, zambiri mwa izo zochokera ku bungwe la boma la Alaska lomwelo. Mu 2023 boma la America linafafaniza ziphaso za bungwelo. Pa malonda achiwiri, mu Januwale 2025, sipanapezeke wogula ndi mmodzi yemwe. Koma m'chaka chomwecho boma latsopano linatsegulanso chigwa chonsecho. Ana amene anali kumbuyo kwa amayi awo pa msonkhano wa 1988 lero ali ndi ana awoawo, ndipo mlandu ukadali pabwalo.

Pali mbali ina imene wokamba woona mtima sayenera kuibisa. M'mphepete mwa chigwa chomwecho muli mudzi wa Kaktovik, wa anthu a mtundu wa Iñupiat osapitirira mazana atatu, ndipo atsogoleri awo ambiri amafuna kuti mafuta akumbidwe. Iwo amati misonkho ya mafuta ndiyo inawamangira sukulu, chipatala ndi mipope ya madzi, ndipo amafunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu okhala m'mizinda yowala magetsi awalamule kuti akhale osauka pofuna kukondweretsa maso a alendo. Funso limenelo ndi lolemera, ndipo aliyense wa ife amene ananyamulapo mayi wodwala pa njinga usiku, kufuna chipatala chakutali, alimva kulemera kwake. Wofuna mafuta si mfiti. Kawirikawiri ndi mbale wako amene umphawi wamupweteka pamalo pomwe wakupweteka iwe. Chotero mudzi wokana uyenera kukhala ndi yankho la njala ya mbale wakeyo, apo ayi kukana kwake kudzatha tsiku limene matumba a ndalama adzatsitsidwe pagalimoto.

Ndibwere kwathu tsopano. Ndili mnyamata, tsiku lina m'mawa nditatsagana ndi atsibweni anga kukaonjola matchera, anakola chambo chachikulu chimene ine ndinachiona kale chili m'mbale. Koma iwo atachigwira anaona kukhosi kwake kwatupa, nachitsegula kukamwa ndi chala chachikulu, ndipo munali tiana tambirimbiri tonyezimira, tikuphiriphitha. Sananene mawu ambiri. Anachitsitsira m'madzi ndi manja awiri monga munthu aperekera mwana kwa amake, nati kwa ine, uyu ndi mchembere, sadyedwa. Tsiku limenelo tinadyera nsima masamba a maungu, ndipo ine ndinadandaula njira yonse. Koma mawu a akulu akoma akagonera. M'chilamulo cha Mose momwe muli lamulo loletsa munthu wopeza chisa cha mbalame kutenga make pamodzi ndi ana. Ndipo ku chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'miyezi ya mvula kuyambira m'ma 1950, mwa lamulo la pabwalo, ndipo asodzi a kumeneko amadziwa phindu lake akatsegulira.

Nyanja yathuyi nayonso anaiyeza kale ndi maso a mafuta. Boma linagawa dziko lino m'zigawo zisanu ndi chimodzi zofufuzamo mafuta, ndipo mu 2011 kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum inalandira chiphaso chofufuza m'nyanja momwemu, chinthu chimene chinadzutsanso mkangano wa malire ndi dziko la Tanzania, nichidetsa nkhawa bungwe la UNESCO, limene mu 1984 linaika malo a ku Cape Maclear m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Kumbukirani kuti nyanja ino ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, kuti kuya kwake kumafika mamita 700, ndi kuti khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire, kotero kuti chimene chatayikira muno chingakhalemo zaka mazana. Ku Alaska mafunde a nyanja yaikulu anathandiza kutsuka magombe, komabe mafuta ena akupezekabe pansi pa miyala. Nanga ife, amene nyanja yathu ili ngati mtsuko, adzatitsukira ndani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindinabwere kudzakulamulani chimene mudzayankhe tsiku limene alendo a zipewa zolimba adzafike ndi mapu awo. Yankholo ndi lanu ndi la mafumu anu. Ndabwera kudzanena kuti mawu a Gwich'in analemera pamaso pa aphungu ndi mabanki chifukwa iwo anayamba adziletsa okha. Naboti anatha kukaniza mfumu Ahabu munda wamphesa chifukwa anali kuusunga monga cholowa cha makolo ake; akadakhala kuti anali atadula kale mipesa n'kugulitsa nkhuni, kukana kwake kukadakhala phokoso chabe. Ife tikamakokera khoka m'malo oswera chambo m'miyezi yotseka, tikamasandutsa neti ya udzudzu kukhala ukonde wokokolola ndi tiana tomwe, tikamalandira kangachepe kuti titseke maso, tidzaima bwanji pamaso pa kampani n'kunena kuti nyanja ino ndi yopatulika? Adzatiloza ndi chala, nadzati, chikuta chanucho munayamba kuchiboola ndinu.

Chotero, inu a makomiti, musadikire kuti zitsulo zifike pagombe ndipo mudzayambe kufunana. Gwirizanani lero, dooko ndi dooko, kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Lembani malo amene nsomba zimaswera, kuti pepala la mlendo lidzakumane ndi pepala lanu. Pa msonkhano uliwonse wofunsa maganizo a anthu, funsani kuti chikatayika adzalipira ndani, ndipo yankho lilembedwe m'chilankhulo chimene agogo angamve, popeza safunsa anadya phula. Ndipo inu ana a sukulu, amene mlanduwu udzakupezani ife titagona, kafunseni agogo anu madzulo ano mayina a malo amene iwo sankaponyako ukonde, muwalembe m'makope mwanu.

Mfumu yaikulu, ndalankhula nthawi yaitali pabwalo panu, ndipo ngati lilime lapunthwa penapake, mundikhululukire monga mwana wanu. Ndi chilolezo chanu, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti msonkhano uno watsegulidwa. Mulungu adalitse zokambirana zanu, asunge asodzi athu pamadzi usiku uno, ndipo chambo cha tiana m'kamwa chibwerere m'madzi.