Nat King Cole ndi Wailesi ya Kanema ya ku America

Nkhani yathu ya lero yachokera kutali, ku dziko la America. Tikamba za woyimba wina wakuda, Bambo Nat King Cole, ndi zimene zinawaonekera pa wailesi ya kanema, wailesi ija imene munthu amamva mawu naonanso nkhope ya wolankhulayo.

Bambo Cole anabadwa m'chaka cha 1919 ku Montgomery, m'chigawo cha Alabama, nakulira mu mzinda wa Chicago. Atate awo anali mbusa wa mpingo wa Baptist, ndipo amayi awo ndiwo anawaphunzitsa kuyimba limba. Atakula anatchuka poyimba piyano m'nyimbo za jazz, zimene anaziyamba ndi anthu akuda a m'dzikomo. Pambuyo pake anatchuka koposa chifukwa cha mawu awo ofatsa.

Pa 5 November 1956 kampani ya NBC inawapatsa pologalamu yawoyawo ya mphindi 15 sabata ndi sabata, ndipo chaka chotsatira inakula nikhala ya mphindi 30. Inu mafumu mudziwa kusiyana kwa mlendo ndi mwini bwalo. Oyimba akuda anali kuitanidwa kale pa kanema monga alendo, nayimba nyimbo imodzi kapena ziwiri, nachoka. Koma apa munthu wakuda ndiye anali mwini bwalo, wolandira alendo, Azungu ndi akuda omwe. Ichi sichinakondweretse anthu ena, makamaka kumwera kwa dzikolo kumene tsankho linali lolimba. Mu April chaka chomwecho, Azungu ena anakwera pa nsanja ku Birmingham, Alabama, nawagwetsa pansi Bambo Cole ali mkati moyimba.

Tsono mvetsani pamene panagona vuto. Ndalama zoyendetsera mapologalamu otere sizinali kuchokera ku Boma ayi. Wolipira anali mwini malonda, kaya wa sopo, kaya wa galimoto, kuti katundu wake atchulidwe pakati pa nyimbo. Makampani aakulu anaopa kuti akalipirira pologalamu ya munthu wakuda, Azungu a kumwera adzaleka kugula katundu wawo. Ena analipira m'mizinda yowerengeka chabe, koma wolipirira dziko lonse sanapezeke.

Inu alimi mudziwa mwambo wa dima, kuti mnzanu udzu ukamkulira m'munda, mumatenga makasu kukamthandiza. Anzawo a Bambo Cole anachita chimodzimodzi. Ella Fitzgerald, Harry Belafonte, Sammy Davis Jr., Peggy Lee ndi Tony Bennett anadzayimba nalandira malipiro ochepa, ngakhale kwina anali kulandira ndalama zambiri. NBC nayo inasenza mtolowo koposa chaka chathunthu. Koma dima ndi la tsiku limodzi, silingasunge munda chaka ndi chaka. Pa 17 December 1957 pologalamu ija inatha.

Bambo Cole anamwalira mu February 1965 ndi nthenda ya khansa ya m'mapapo, ali ndi zaka 45. Pamenepo zinthu zinali zitayamba kusintha. M'chaka cha 1964 Boma la America linaika lamulo loletsa tsankho m'mahotela ndi m'nyumba zodyera. Nyimbo zatsopano zotchedwa soul, zimene mizu yake ili m'nyimbo za m'matchalitchi a anthu akuda, zinakondedwa m'dziko lonse. M'chaka cha 1970, mu Chicago momwe muja, Bambo Don Cornelius anayamba pologalamu yotchedwa Soul Train. Chaka chotsatira inafalikira m'mizinda ina, ndipo eni malonda anapezeka oilipirira. Inakhala kufikira 2006.

Ena mwa mapologalamu a Bambo Cole anasungidwa pa filimu, ndipo anthu amawaonerabe. Mwana wanu akakuonetsani tsiku lina, mudzakumbukire kuti munthuyo anali kuyimba momwetulira chomwecho alikudziwa kuti bwalo lake lilibe wolilipirira.