Injini Ikalankhula ndi Manambala

Lero tikambirana za kanyali kamene kamayaka mwadzidzidzi pamaso pa woyendetsa ntchito ili mkati, pamodzi ndi manambala amene amaoneka pambali pake.

Injini za dizilo zakale zinalibe kompyuta. Makaniko ankatchera khutu kulira kwake, nayang'ana mtundu wa utsi, nadziwa matenda. Koma makina a masiku ano, monga a Caterpillar, Komatsu ndi Volvo, ali ndi kabokosi kotchedwa ECM kamene kamalamulira injini yonse. Kabokosika kalibe maso kapena makutu. Zonse kamazimva kuchokera kwa amithenga ake, tizipangizo totchedwa masensa, timene timayeza kutentha kwa madzi, mphamvu ya oyilo, liwiro la injini ndi zina zotero, n'kutumiza uthengawo kudzera m'mawaya. Uthenga ukabwera wosamveka, kabokosiko kamayatsa nyali, ndipo nthawi zina kamachepetsa dala mphamvu ya injini kuti isawonongeke.

Tsono cholakwa chimene ambiri amachita n'chakuti akangowerenga nambala yonena za sensa, amathamangira kukagula sensa yatsopano. Komatu nambalayo sinena kuti sensa yafa ayi. Imangonena kuti penapake panjira, kuyambira pa sensa, kudutsa m'mawaya ndi m'mapulagi, kukafika ku ECM, zinthu sizili bwino. Mfumu ikalandira uthenga wosokonekera, mlandu ungakhale wa mthenga, ungakhale wa njira imene anadzera, kapenanso uthengawo ndi woona, kungoti ndi woipa.

Nambalayi ili ndi zigawo ziwiri. Makina ambiri amatsata dongosolo lotchedwa J1939, mmene gawo loyamba, SPN, limatchula chinthu chimene chikuyezedwa. Mwachitsanzo 110 ndi kutentha kwa madzi a mu injini, 100 ndi mphamvu ya oyilo, ndipo 190 ndi liwiro la injini. Makina ambiri a Caterpillar amalemba CID m'malo mwa SPN, koma 110 ndi 100 zimaloza komweko. Gawo lachiwiri, FMI, ndilo limanena mtundu wa vuto, ndipo m'kuona kwanga ndi limene liyenera kuwerengedwa mosamala koposa, ngakhale kuti ndi lomwe anthu amalidumpha. FMI 3 itanthauza kuti magetsi a pa waya akwera kupyola muyeso, kawirikawiri chifukwa waya waduka kapena pulagi yasololoka. FMI 4 itanthauza kuti atsika kwambiri, monga zimachitikira waya ukasupuka n'kukhudza chitsulo. Izi ziwiri ndi matenda a magetsi. Koma FMI 0 ndi FMI 1 zimanena zina: uthenga wamveka bwino, ndipo chinthucho chakweradi kapena chatsikadi moopsa. Mukaona 110 ndi 0, injini yatentha; mukaona 100 ndi 1, oyilo alibe mphamvu. A Caterpillar amazisiyanitsa ndi chilembo E: E361 ndi madzi otentha, E360 ndi oyilo wofooka. Pamenepo musayambe ndi mawaya. Tsitsani chokumbira pansi, imitsani ntchito, ndipo ngati ndi oyilo zimitsani injini nthawi yomweyo. Chivundikiro cha rediyeta musachitsekule injini isanazizire, pakuti madzi ake amatha kukuwaulani nkhope.

Titenge tsono 110 ndi FMI 3, ndipo tione mmene mmisiri wodekha amachitira. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba amayang'ana ndi maso. Makinawa amagwedezeka tsiku lonse, amagwira ntchito m'fumbi ndi m'matope, ndipo akaima nthawi ya dzinja makoswe amamanga zisa m'kati mwake n'kumatafuna mawaya. Motero amatsata waya kuchokera pa sensa, kufuna pamene wapekesedwa ndi chitsulo kapena wapsa ndi paipi ya utsi. Amazula pulagi, nayang'ana ngati muli madzi, dzimbiri lobiriwira, kapena kamsomali kamene kabwerera m'mbuyo.

Akapanda kupeza kanthu, pali kuyesa kumodzi kosalira ndalama. Sensa ya kutentha ya mawaya awiri imachotsedwa pa pulagi yake, ndipo mabowo awiri a pulagi ya mbali ya makina amalumikizidwa ndi kachidutswa ka waya. Kiyi akatembenuzidwa, nambala iyenera kusintha kuchoka pa FMI 3 kupita pa FMI 4. Ikasintha, ndiye kuti mawaya ndi ECM akumvana bwino, ndipo wolakwa ndi sensa. Gulani yatsopano mosakayika. Ikakhala pa 3 pomwepo, waya waduka penapake, ndipo ngakhale mutagula masensa khumi nyali idzayakabe. Masensa a mawaya atatu, monga a oyilo, amayesedwa ndi mita ya magetsi, ndipo ambiri amayenera kulandira mavoliti 5. Popeza masensa angapo amamwa pa waya umodzi womwewo, mukaona manambala atatu kapena anayi abwera nthawi imodzi, kayikirani waya umenewo, pakuti masensa sapangana tsiku lofera.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndikuchitsutsa kotheratu. Ntchito ikathina, mvula ili pafupi ndipo mwini makina akuwerenga masiku, amisiri ena amanamiza ECM poika kachipangizo pa pulagi kuti izikhulupirira kuti madzi ndi ozizira nthawi zonse. Nyali imazimadi, mphamvu n'kubwerera. Koma tsiku limene lamba wa fani adzaduka kapena rediyeta idzatsekeka ndi fumbi, sipadzakhala wochenjeza, ndipo mutu wa injini udzapindika woyendetsa asakudziwa.

Inu oyendetsa, nyali ikayaka lembani nambala yonse, zigawo zonse ziwiri, pamodzi ndi maola a makina ndi ntchito imene munali kugwira. Musalole wina kufufuta manambala osungidwa makaniko asanawaone. Vuto limene limabwera ndi kupita, makamaka makina akamadutsa pa miyala kapena atangotsukidwa ndi madzi, nthawi zambiri limakhala pa pulagi, ndipo makaniko amaligwira mwa kugwedeza mawaya pang'onopang'ono kiyi ali wotembenuza, maso ali pa nambala.