M'mera Mpoyamba: Chakudya cha Mayi Asanaime ndi Ataima

Mlimi wa ku Nkando, m'boma la Mulanje, sadikira kuti mvula igwe ndipo ayambe kusosa. Uchembere nawo uli chimodzimodzi, pakuti thanzi la mwana limayamba kukonzedwa mayi asanaime.

Chifukwa chake n'chakuti ubongo ndi msana wa mwana zimayamba kuumbika m'masiku 28 oyambirira, pamene amayi ambiri amakhala asanazindikire n'komwe kuti ali ndi pakati. M'masiku amenewa thupi limafuna vitamini wotchedwa folic acid, amene amapezeka mu nandolo, nyemba, bonongwe ndi nkhwani. Vitaminiyu akachepa, mwana atha kubadwa ndi chilema cha msana, ndipo chakudya chobwera m'mbuyo mwa alendo sichingakonzenso zimenezo.

Vuto lina ndi kuchepa kwa magazi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi oyembekezera 100 alionse m'Malawi, 45 anali operewera magazi. Mayi wotere amatopa msanga, atha kubereka mwana wonyentchera, ndipo akataya magazi pochira moyo wake umakhala pachiswe.

Komatu chithandizo sichili kutali. Achipatala amalangiza kudya magulu asanu ndi limodzi tsiku lililonse: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Nsima, nandolo, matemba, nkhwani wotendera ndi papaya zakwaniritsa kale magulu onsewo, ndipo zonsezi zimapezeka pa msika wa Nkando. Chodandaulitsa n'chakuti mabanja ena amagulitsa nandolo yense kwa mavenda, osasiyako ngakhale thumba limodzi la pakhomo. Bambo wanzeru amapatula kaye chakudya cha mayi asananyamule sikelo ya malonda.

Mulanje ndi kwawo kwa tiyi, choncho mfundo iyi njofunika: tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa thupi kutenga mchere wa ayironi, umene umapanga magazi. Mayi adikire ola limodzi kapena awiri atadya asanamwe tiyi. Pa chakudya penipeni, nanazi, lalanje kapena gwafa ndizo zimathandiza kuti ayironi alowe bwino m'thupi.

Palinso chikhulupiriro chakuti woyembekezera akadya mazira mwana amabadwa wopanda tsitsi. Zimenezi zilibe umboni. Dzira limamanga thupi la mayi ndi la mwana yemwe, ndipo apongozi ndi anankungwi angachite bwino kulimbikitsa, osati kuletsa.

Mayi akangozindikira kuti waima, ayambe sikelo miyezi itatu isanathe. Kuchokera mu 2016, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti woyembekezera aonedwe ndi achipatala kasanu ndi katatu asanachire. Kusikelo amalandira mapiritsi owonjezera magazi, neti yogonamo, ndiponso mankhwala a SP oteteza ku malungo, amene amayamba kumwedwa miyezi itatu ikapita. Kunyumba awonjezere chakudya kamodzi pa tsiku, athire mchere wa ayodini m'ndiwo, ndipo ntchito zolemetsa ena amulandire.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Banja limene likufuna mwana chaka chamawa liyambe lero kusamala mbale ya mayi.