Tizilombo Tosamva Mankhwala M'midzi Yathu: Mawu kwa Alangizi

Alangizi anzanga, ndabwera ndi nkhani ya mabakiteriya amene aleka kumva mankhwala. M'chaka cha 2019 vutoli linapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse, ndipo maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndiwo anakhudzidwa koposa. Komatu limodzi mwa magwero ake lili m'makomo omwe timayendera tsiku ndi tsiku.

Taganizirani mayi wa ana anayi: chipatala chili kutali, bambo ali kuntchito ku Johannesburg. Mwana akadwala, mayiyo amagula pagolosale makapisozi owerengeka a amoxicillin, monga mwa ndalama zake. Mwana akangopezako bwino, otsalawo amasungira mng'ono wake. Tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin, anachenjeza za kumwa mankhwala osakwanira kotere m'chaka cha 1945.

Nkhuku zikagwidwa ndi chitopa, banja lomwelo limazisungunulira tetracycline, chonsecho chitopa chimadza ndi vairasi, yemwe samva mankhwalawa. Zitosi zonyamula mabakiteriya olimba zimagwera pabwalo pomwe makanda amakwawa, ndipo mvula imazikokolera m'chitsime.

Choncho tisayambe ndi kudzudzula, popeza umphawi ndi mtunda ndizo zamupanikiza mayiyu. Tifunse kaye: amasamala ziweto ndani? Amasunga ndalama ndani? Misonkhano tiziitanitsa pa nthawi yomwe amayi aweruka kumunda. Malangizo a pabotolo, olembedwa m'Chingerezi, tiziwamasulira pakamwa. Tilimbikitse katemera wa chitopa, makola apadera, kusamba m'manja ndi sopo, ndiponso kufunsa achipatala kapena alangizi a ziweto asanagule mankhwala.